Pakona Pamene Panali Khonje

Katapila inkayembekezeka kufika Loweruka m'ma eyiti, koma a Makiyi anali ali kale pabwalo mame asanaume. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira pa lamba wawo: a makalasi, a ofesi, a chipinda cha zida, a mageti onse awiri. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akutsegula ndi kutseka sukuluyo, kutchetcha udzu ndi kukhoma madesiki othyoka. Mahedi anayi anabwera n'kupita, iwo alipobe.

Bwalo la masewero la sukuluyo linali lochititsa manyazi. Linali lopendekeka, moti mpira ukausiya wokha unkayamba ulendo wa kumunsi, ndipo mvula inadula ngalande pakati pake. Sukulu zina zinasiya kubwera kudzasewera. Mtsikana wina wa mpira wamanja atathyoka mwendo m'ngalandemo, makolo anati basi, zakwana. Tcheya wa komiti ya makolo, mayi wa sitolo ya zipangizo zomangira amene sadziwa kunong'ona, anayenda khomo ndi khomo. Kampani yokonza msewu inavomera kubwereketsa katapila yosalaza nthaka, koma kwa tsiku limodzi lokha. Eni masitolo anapereka mapaipi ndi penti, owotcherera analonjeza magolo, ndipo Lachinayi ndi Lachisanu makolo anabwera ndi zikwanje ndi makasu.

Aliyense anakondwa kupatula a Makiyi, chifukwa bwalo latsopano linali lalikulu kuposa lakale. Mphunzitsi wa masewero, amene ana ankamutcha Wezulo, anakoka tepi yake n'kukakhoma chikhomo chomaliza kuseri kwa khonje wa pakona yakumunsi.

Pakona pamenepo kale panali zimbudzi zisanu ndi chimodzi pa dzenje limodzi, lalitali ngati lole, lakuya anthu atatu ataimirirana pamapewa. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo makoma ake anang'ambika, dzenjelo lisanadzaze ngakhale theka, ndipo anawagwetsa. Ahedi a nthawi imeneyo anauza a Makiyi kuti pa holide aswe silabu, akwirire dzenjelo ndi njerwa za makomawo. A Makiyi anayang'ana njerwazo, zambiri zili zamphumphu, n'kukumbukira kuti akazi awo akuphikira pamvula. Njerwa zinatuluka pa wilibala kudzera pa geti yakumbuyo, n'kukamangidwa khitchini kunyumba kwawo. Pa mabowo a silabu anavundikirapo malata akale n'kuthirapo dothi lofika m'mawondo. Sukulu itatsegulidwa anati ntchito yatha. Pamalopo anabzalapo khonje wothithikana, n'kufalitsa mbiri yoti m'menemo mumakhala njoka yaikulu yakuda. Ana anakula akuopa njoka ya a Makiyi imene palibe anaionapo, ndipo mpira ukagweramo ankaitana iwowo kuti akaukole ndi nsungwi.

Lachisanu makolo anazula khonje yense. Njoka sanaipeze, ndipo anaseka tsiku lonse.

Tsono m'mawa wa Loweruka umenewo, a Makiyi anazula zikhomo ziwiri zakumunsi n'kuzibweza m'kati mapazi khumi ndi asanu, n'kukokanso chingwe bwinobwino. Akupukuta manja, Wezulo anatulukira pa njinga.

"Mwadzuka bwanji a Makiyi? Njoka yanu yasamukira kuti?"

"Yapita kwawo."

"Ikapereke moni." Wezulo anatsamiritsa njinga pa mtengo n'kutulutsa tepi. Mnyamatayo anali ndi khalidwe lake: chikhomo chimene chagona panja sankachikhulupirira. Anayeza mbali imodzi, n'kuima, n'kuyezanso. "Bwalo lafupika lokha? Ana a pano ndi afiti, ndithu. Tagwirani uku, bambo."

Ndipo a Makiyi anagwira nsonga ya tepi ndi manja awo omwe, chikhomo chikubwerera pamalo pake, kuseri kwa dzenje.

Akazi awo anawapeza m'chipinda cha zida, atakhala pa chitini cha penti pakati pa makasu ndi maukonde ong'ambika. Anaika botolo la tiyi pa shelefu n'kutseka chitseko.

"Mwawauza ahedi za dzenje lija?"

"Ndiwauza."

"Mawu amenewo mwayamba kunena Lolemba."

"Inu amayi, mukudziwa chimene chichitike? Andilanda makiyi pamaso pa anthu onsewa. Kwatsala zaka ziwiri zokha kuti ndipume ndi ulemu wanga."

"Nanga akuyendetsa chigalimotocho ndani? Mlendo?"

A Makiyi anayang'ana pansi. Woyendetsa katapila anali mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi womaliza. Ndiye amene anakagogoda kwa abwana ake mpaka kampani inavomera.

"Silabu ija ndi yolimba," anatero. "Ili ndi waya m'kati."

"Ngati ndi yolimba, khonje uja munabzaliranji? Zaka zonsezi simunalole ngakhale mbuzi kupondapo, lero mukufuna papondedwe ndi chinthu chimene chimagwetsa mitengo?"

"Ndipeza njira. Ndimuuza alambalale."

"Tamvani bambo. Khitchini ndaphikiramo ine, sindikukana. Koma mwana wanga asakhale wamasiye chifukwa cha khitchini. Nkhaniyi ndi ya pakamwa panu, ndipo ndikainena ine simudzayendanso mumsewu muno mutadzutsa mutu. Ndikupatsani mpaka chigalimotocho chifike pa ngalande. Chikangodutsa, ndikuwa ndine."

Anatuluka akutsimphina, poti mawondo ankawavuta. Tiyi anangozizira pa shelefupo.

Katapila inamveka isanaoneke. Mawindo a makalasi ananjenjemera, ana anathamangira ku geti, amayi akululutira. Inalowa pang'onopang'ono, yachikasu, mateyala ake ofika munthu m'chifuwa, chimpeni chake chikung'anima pansi pa mimba. Mkamwini anazimitsa injini, natsika, navula chipewa. Asanapatse moni ahedi kapena a tcheya anapita kaye kwa apongozi ake, nawerama, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Mwadzuka bwanji apongozi?"

"Tadzuka, akamwini. Kaya inu ndi ulendo."

Mkamwini anayenda bwalo lonse wapansi, akuponda apa ndi apo ndi chidendene cha jombo, ahedi ndi a tcheya ndi Wezulo ali pambuyo. Atabwerera anaima pakati pa anthu.

"Ine ndisanalize injini ndimafunsa kaye," anatero. "Pansi pano pali paipi, waya wa magetsi, chitsime chakale, dzenje la mtundu uliwonse? Chinthuchi n'cholemera kuposa lole yodzaza mchenga. Mnzanga wina anagwera nacho m'dzenje lobisika, mpaka lero amayendera ndodo."

"Funsani apongozi anuwo," anatero ahedi, mayi wamng'ono thupi wa magalasi. "Ine ndabwera dzana dzanali. Awa amadziwa ngakhale pamene pagona nyerere."

Maso onse anatembenukira kwa a Makiyi.

"Paipi ya madzi yadutsa kuseri kwa makalasi," anatero. "Magetsi ali m'mwamba."

"Basi?"

"Pakona yakumunsi apo nthaka ndi yofewa. Bwanji pamenepo tisalaze ndi makasu?"

"Makasu!" anakuwa a tcheya. "Ndatha nsapato mwezi wathunthu kupempha katapila kuti tigwirenso makasu? A Makiyi, njoka yanu tinaithamangitsa dzulo, mtima m'malo."

Anthu anaseka. Mkamwini sanaseke, poti munthu saseka apongozi ake pagulu, koma anamwetulira.

"Pofewa ndi pamene ndithirepo dothi lambiri, apongozi. Ndipondaponda mpaka pakhale gwa ngati msewu."

Anakwera. Injini inalira.

Anayambira kumtunda, kumene dothi linali lochuluka. Chimpeni chinkadya nthaka n'kuipinda ngati nsalu, katapila n'kufika kumapeto, n'kutembenuka, n'kubwerera. Ulendo uliwonse inkatsikira kumunsi mapazi anayi. A Makiyi anayeza ndi maso: kuchokera pamenepo kufika pa ngalande panali maulendo khumi ndi awiri. Nthawi inalipo, anadziuza choncho.

Pa ulendo wachitatu anatsatira ahedi ku ofesi. Anawapeza foni ili pakhutu, dzanja lina likusanthula mapepala m'dirowa.

"Ahedi, pali kankhani."

"Kankhani kadikire, bambo. Abwana a kampani akubwera masana kudzaona ntchito, ndipo tilibe powakhazika. Mipando makumi awiri pansi pa mtengo, chonde, ndi tebulo la m'chipinda cha aphunzitsi."

A Makiyi ananyamula mipando, iwiri iwiri. Chimene chinawachititsa manyazi n'chakuti mumtima anaithokoza mipandoyo. Nthawi yonse imene manja anali odzaza, sankayenera kunena kanthu. Akatula mipando ankayang'ana kubwalo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi. Wachisanu ndi chiwiri. Kumtunda, pafupi ndi mgolo wa madzi, akazi awo ankatungira anthu madzi akumwa, koma nkhope yawo inali kwa iwo basi.

Kenako anatembenukira kumunsi. Ana amene ankatola miyala pambuyo pa katapila anali atapeza pounjika miyalayo: pakona penipeni pamene panali khonje. Ana asanu ndi atatu, ena akudumpha pa mulu.

Anasiya tebulo pakati pa njira n'kutsika mofulumira.

"Chokani pamenepo! Chokani nonse!"

"Njoka yabweranso, a Makiyi?"

"Ndati chokani! Miyala kaunjikeni ku mpanda!"

Ana anamwazikana akuseka, ena akulira ngati njoka. Mwana wawo wamkazi, mkazi wa woyendetsa katapila uja, anali pomwepo ndi amayi ena, khanda lili kumsana, akutola mizu ya khonje.

"Ababa, mwadya kanthu lero? Nkhope yanu siili bwino."

"Pita kumtunda, ukathandize amako."

"Ndikudikira bambo ake a mwanayu afike kuno, ndiwapatse madzi."

"Ndati pita kumtunda."

Mwanayo anawayang'ana modabwa, nasuntha pang'ono, koma sanapite.

A Makiyi anawerenganso: panatsala maulendo atatu kuti katapila ifike pa ngalande. Anaganiza zoti ikafika pamenepo mkamwini adzatsika kuti aone mmene angakwiririre ngalandeyo, ndipo iwo adzamukokera pambali, awiri okha, n'kumuuza mwakachetechete. Mkamwini ndi mwana wa pabanja. Adzalambalala pakonapo, anthu osadziwa kanthu. Maganizo amenewa anawakomera kwambiri moti anapuma mpweya wautali.

Koma mkamwini anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Dothi linali litachuluka pa chimpeni, ndipo munthu wodziwa ntchito sataya dothi lotere pakati pa bwalo pomwe pali malo otsika amene akulifuna. Atafika kumapeto sanatembenuke ngati kale. Anadutsa kumene ngalande inali yosaya, m'mbali mwa mpanda, n'kulunjika kumunsi motsatira chingwe cha Wezulo, kupita pakona.

Kumtunda, ndowa inagwa m'manja mwa akazi a a Makiyi. A Makiyi anawaona akutsegula pakamwa, akukweza manja, akuyesa kuthamanga ndi mawondo awo aja. Injini inameza mawu onse. Anthu amene anali pafupi ankangoti mayi akusangalala.

A Makiyi anathamanga. Makiyi ankawamenya m'chiuno, nsapato imodzi inatsala m'dothi. Anadutsa mwana wawo, nadutsa chikhomo, nakaima pakati pa malo amene kwa zaka khumi ndi ziwiri sanapondepo, manja ali m'mwamba. Nthaka inkanjenjemera pansi pa mapazi awo, ndipo ankadziwa kuti pansi pa kunjenjemerako palibe kanthu.

Mateyala akutsogolo ankabwerabe. Mkamwini ankayang'ana pansi, pa chimpeni, monga amachitira aliyense wosalaza nthaka. Mwana wawo wamkazi anakuwa, anthu ena anakuwa, Wezulo analiza wezulo wake mpaka misempha ya m'khosi inatupa. Mkamwini anadzutsa mutu.

Katapila inaima mwadzidzidzi, n'kugwedezeka yonse. Teyala lakumanja linali pa mzere umene khonje ankayambira. Kutsogolo kwa teyalalo dothi linang'ambika kamng'alu kakang'ono, ndipo mchenga unayamba kulowamo pang'onopang'ono, ngati m'thumba lobooka.

Mkamwini anasuzumira pa zenera, nkhope itasintha.

"Apongozi! Mukufuna ndikupheni pamaso pa mwana wanu?"

"Bwezani kumbuyo."

"Chachitika n'chiyani?"

"Bwezani kaye, akamwini. Pang'onopang'ono. Ndikupemphani."

Mkamwini anayang'ana nkhope yawo, kenako anayang'ana kamng'alu kaja. Anabweza katapila kumbuyo, kutali ndithu, n'kuzimitsa injini. Anthu anayamba kutsika kuchokera mbali zonse.

"Musayandikire," anatero a Makiyi. "Imani kumene muliko."

"Bambo inu, mwazungulira mutu?" anafunsa a tcheya.

"Pansi pano pali dzenje la zimbudzi zakale. Anandiuza kuti ndilikwirire, sindinakwirire. Ndinangovundikirapo malata n'kuthira dothi. Njoka kunalibe."

Wina kumbuyo anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala zina za njoka ija.

A Makiyi anapempha chitsulo chachitali chokumbira maenje a magolo, ndipo wowotcherera anawaponyera. Anayenda mapazi atatu, nayeza ndi maso kuchokera pa mpanda, nabaya pansi. Kachiwiri. Kachitatu chitsulo chinaboola lata lodyeka ndi dzimbiri n'kupulumuka m'manja mwawo. Chinalowa chonse, osatsala ngakhale nsonga. Anthu anamvetsera. Patapita kanthawi chinamveka chikugunda pansi, kutali.

Amayi anakoka ana awo. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo ngati lakankhidwa. A Makiyi anachoka pamalopo akuponda mosamala, phazi limodzi lopanda nsapato.

Mkamwini anali atakhala pa sitepe ya katapila. Anayesa kutsegula botolo la madzi limene mkazi wake anamupatsa, koma chivindikiro chinapulumuka n'kugwera pansi.

"Ndinakufunsani, apongozi," anatero, osakweza mawu. "Ndinakufunsani pamaso pa anthu onsewa."

"Munandifunsa."

Mwana wawo wamkazi anatola chivindikirocho n'kuchipukuta pa nsalu. Abambo ake sanawayang'ane.

Pamenepo m'pamene a tcheya anapeza mawu. "Zaka khumi ndi ziwiri! Ana athu akusewera m'mphepete mwa manda, inu mukutiuza za njoka! Ndipo dzulo tonsefe tinaima pamenepo ndi makasu, ine ndemwe ndi thupi langali!"

"Nanga njerwa zokwiririra zinapita kuti?" anafunsa bambo wina wa komiti.

"Zili kwathu," anayankha akazi a a Makiyi, amene anali atangofika kumene, akupuma movutika. "Ndi khitchini. Ndimaphikiramo ine."

Ahedi anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

Mphete ya makiyi inali yolowetsa pa lamba, moti kuti ichoke panafunika kumasula lamba wonse. A Makiyi anamasula, dzanja lina litagwira thalauza kuti lisagwe, nasolola mulu wonse. Tsiku lina lililonse anthu akanafa nako kuseka. Ahedi analandira makiyiwo ndi manja awiri chifukwa cha kulemera, n'kupatsira Wezulo.

"Kalata yanu mudzaipeza ku ofesi Lolemba," anatero. "Mwanena mochedwa, bambo, koma mwanena. Zimenezo ndizilembamo. Makiyi okha sabwerera."

"Ndamva, ahedi."

"Chabwino, taimirira mokwanira," anatero a tcheya, akumanga nsalu m'chiuno. "Katapila tili nayo mpaka faifi koloko, osati mawa. Adalaivala, mukhoza kugwirabe ntchito?"

Mkamwini anayang'ana manja ake. "Ndipatseni mphindi khumi. Ndisalaza kumtunda konse, dothi ndiliunjika kutali ndi dzenje. Silabu muswe ndi mahamala, mutaima m'mbali, mutamanga zingwe m'chiuno. Koma pansi pakufunika miyala ndi zidutswa za njerwa kaye. Dothi lokha lidzatitimira mvula yoyamba."

"Mwamva?" anakuwa a tcheya. "Amene muli ndi zigumukire kunyumba, pitani mukatenge. Inu a lole, pitani kwa amisiri onse amene amagula kwanga mukatenge zidutswa za njerwa, mukati ndakutumani ine. Wezulo, zungulizani chingwe pamenepo, mwana aliyense wodutsa mukoke khutu."

Anthu anabalalika, aliyense ndi kopita. Palibe anatuma a Makiyi kanthu. Anatola nsapato yawo n'kuivala, namanganso lamba amene tsopano anali wopepuka modabwitsa.

"Tiyeni," anatero akazi awo. "Wilibala ili kuseri kwa nyumba."

Nyumba yawo inali kunja kwa mpanda wa sukulu. Anatulukira ku geti yaikulu n'kuzungulira. Akazi awo anatulutsa mapoto, mbaula ndi mashelefu, n'kuziika pansi pa mtengo.

"Mukaphikira kuti?" anafunsa a Makiyi ali pa makwerero, akuzula misomali ya denga.

"Panja. Ndinaphikirapo kale, sindinafe. Fulumirani, dzuwa silikudikira inu."

Njerwa zinamangidwa ndi dothi, ndiye zinkachoka mosavuta, mzere ndi mzere. Wilibala itadzaza, a Makiyi anaikankha pa kanjira kopita ku geti yakumbuyo, kamene njerwazo zinadzera potuluka. Atafika pa geti dzanja linapita lokha m'chiuno. Linapeza lamba basi.

Anaima pamenepo, wilibala ili patsogolo. Kuseri kwa mpanda injini inali italiranso, ndipo mahamala anali atayamba kugunda silabu. Anaitana, koma palibe anamva. Anadikira mpaka Wezulo anawaona, n'kubwera akuthamanga ndi mulu uja m'manja. Mnyamatayo anayesa kiyi woyamba, wachiwiri, wachisanu, thukuta likutsika, maso ali pa loko kuti asakumane ndi awo.

"Wamng'ono wamkuwa," anatero a Makiyi. "Wachitatu kuchokera pa kachingwe kofiira. Mukankhe geti kaye, kenako mupotoze."

Loko anatseguka. Wezulo anakankha geti n'kuima pambali, ndipo a Makiyi anakweza wilibala n'kutsetsereka nayo kupita pakona.